Mipeni Yokalamba Usiku Umodzi

Pali bodza lina limene talilola kukhala pakati pathu ngati mlamu, ndipo bodza lake ndi la mipeni. Ndikunena mipeni, nkhwangwa ndi mikondo imene imagulitsidwa ndi dzina loti "ya makolo" kwa anthu okonda kusonkhanitsa zinthu zakale. Wina anena kuti nkhaniyi njochepa, yosayenera kutayirapo inki ndi mapepala. Iyayi. Amene amagula zinthuzi si alendo a kunja okha. Ena ali pakati pathu pompano: m'mawa amatiphunzitsa mbiri ya dziko lino, madzulo n'kukakhala tsonga pansi pa khoma limene adapachikapo mpeni wosadziwika kwawo. Enanso ndi ophunzira anzathu amene pa tchuthi amasanduka otanthauzira pakati pa mlendo ndi wogulitsa, ndipo m'kutanthauzirako mpeni umalandira zaka 50 zoonjezera popanda wofunsa.

Tiyambe ndi kumene mipeniyi imabadwira. Pitani pa tsiku la msika ku Nsaru, kwa Kabudula kapena ku Nambuma, kaya tsikani basi pa Mpingu kapena pa Namitete mumsewu wa ku Mchinji. Chakumapeto kwa msika, kupitirira ogulitsa tomato ndi kaunjika, mupeza bambo atayala thumba pansi, pathumbapo pali nkhwangwa, zikwanje, sompho, tikasemasema ndi mipeni. Bamboyo ndi mmisiri wosula, kapena mbale wake. Chitsulo chake si chachinsinsi ayi: ndi masipuling'i akutha a galimoto ndi zitsulo zina zotoledwa m'magalaja. Amachiika pa makala, kupemerera moto ndi mvukuto kapena ndi gudumu la njinga lozunguza chopemerera, kuchimenya ndi nyundo chili psuu, kenaka n'kuchiviika m'madzi kapena mu oyilo wakutha kuti chilimbe. Akachiviika chitapsa kwambiri mpeni umathetheka ngati mbale yadothi. Akachedwa umapindika pa nthambi yoyamba. Kudziwa pakati pakepo ndiwo umisiri, ndipo suphunzirika chaka chimodzi.

Mlimi wa fodya akafika pamenepo safunsa mbiri. Amanyamula mpeni, kuupima m'manja, kuyesa kukamwa kwake ndi chala chachikulu, kuugogoda pamwala kuti amve kulira kwake, n'kusenda kamtengo. Akakhutira amalipira. Mpeni ukampindikira, msika wotsatira abwera nawo, ndipo akapanda kumpeza mmisiri amlondola kumudzi, poti amadziwa mudzi wake, mfumu yake ngakhale kumene adakwatira. Apa ndiye pamene mwambi uja woti malonda ndi m'maso umagwira ntchito yake moongoka, chifukwa chimene chikugulidwa chili poyera ndipo wogulitsa alibe kothawira.

Tsono pamabwera munthu wachitatu, mkhalapakati. Iyeyu salima, sasula. Amagula mpeni womwewo pa mtengo wa mlimi n'kupita nawo kwawo. Kumeneko amauthira madzi a mchere kapena asidi wa m'batire, n'kuukwirira m'dothi lonyowa la kuseri kwa bafa. Chigwiriro amachipachika kudenga la khitchini kuti chimwe utsi ndi mwaye, kenaka amachipaka mafuta a nsatsi kapena polishi wa nsapato. Wodekha mtima amasiyirako chiswe kuti chilaweko pang'ono. Pakatha masabata ochepa mpeni uja wakalamba kuposa agogo a amene adausula, ndipo ulendo wake ndi wa ku tauni, kumene kuli mahotela, malo ogona alendo ndi nyumba za anthu okonda kukongoletsa makoma. Ukafika kumeneko uli ndi mbiri yokwanira: udali wa mfumu yakutiyakuti, udamenya nawo nkhondo ya Angoni a Mpezeni, udapha kambuku, mwini wake adafa nawo m'manja. Ha! Mipeni yonse ya nkhondo ya Angoni imene idagulitsidwa mu Lilongwe ikadakhala yoona, bwenzi Achewa atawabweza Angoniwo mpaka kutsidya kwa Zambezi kumene adaolokera mu 1835.

Mukamfunsa mkhalapakatiyu amakuyankhani ndi mwambi womwe uja. Ati malonda ndi m'maso: munthuyo adaona yekha, adagwira yekha, palibe adamkakamiza. Ndikukana. Maso amaona dzimbiri, koma saona zaka. Mlendoyo sadagule chitsulo, poti chitsulo chokhacho akadachipeza pa Nsaru ndi ndalama ya basi. Chimene adalipira kakhumi kapena kuposapo ndi mawu otuluka pakamwa pa wogulitsa, ndipo mawu sungawagogode pamwala kuti umve kulira kwake. Kubwereka mwambi wa pamsika wa mlimi n'kukaugwiritsa ntchito pa malonda a mawu ndi kuba mwambi, kuonjezera pa kuba ndalama.

Anzathu a zamalamulo aidziwa nkhani ya ku England ya mu 1603, ya Chandelor ndi Lopus. Wosula golide adagulitsa mwala pa mapaundi 100 atanena kuti ndi mwala wamankhwala wopezeka m'mimba mwa nyama. Mwalawo sudali umenewo. Oweruza adagamula kuti kungonena chabe si kulonjeza, kotero wogulayo adangoluza. Maganizo amenewa, oti wogula achenjere yekha, adalamulira misika ya Angerezi nthawi yaitali. Komatu eni akewo adaona kuti nzosayenda, ndipo lamulo lawo la malonda a katundu la 1893, limene lathu lidatengerako, lidanena kuti katundu wogulitsidwa pomufotokoza ayenera kufanana ndi kufotokozako. Kuno kwathu tilinso ndi lamulo loteteza ogula la 2003, limene limaletsa kunamiza wogula za katundu. Nanga ife tikukakamiriranji chiweruzo cha mu 1603 chimene eni ake adachitaya?

Pali chodzikhululukira china chimene ndimachimva kawirikawiri ngakhale muno m'makalasi, ndipo chimamveka chokoma m'khutu la munthu wowerenga mbiri ya utsamunda. Ati azungu adatibera zambiri, zadzaza m'nyumba zawo zosungiramo zakale ku London ndi ku Berlin, tsono kuwagulitsa mpeni wa dzana ngati wa makolo n'kubweza chabe. Ndikadaseka nawo, chikhala kuti wopwetekedwa ndi mzunguyo. Iye wataya ndalama ya chakudya cha tsiku limodzi. Wopwetekedwa weniweni ndi mmisiri wa kwa Kabudula. Ntchito ya manja ake yaoloka nyanja, ikuyamikiridwa m'chipinda cha alendo, koma dzina lake lafufutidwa n'kuikapo la mfumu imene sidakhalepo. Walandira mtengo wa mlimi, wina wadya phindu, ndipo dziko lauzidwa kuti Achewa ankadziwa kusula kalekale, lero kulibe. Kubwezera kwa mtundu wanji kumeneku, koti nkhonya yolunjika mzungu ikugwera mmisiri wa kwanu?

Wachiwiri wopwetekedwa ndi mbiri yomwe timadzitama nayoyo. Mpeni wabodza sukhala pakhoma mpaka muyaya. Mwini wake akamwalira ana amakaupereka ku nyumba yosungiramo zakale, pamodzi ndi kapepala ka mbiri ija. Wina aujambula, wina aulemba m'buku, ndipo mdzukulu wanu adzakhoza mayeso pofotokoza "mpeni wa nkhondo wa Achewa" umene udayamba moyo wake pansi pa lole ya fodya.

Chowawa n'chakuti mbiri yoona ilipo, ndipo njokoma kuposa yopekayo. Makolo athu ankayenga chitsulo kuchokera m'miyala, m'ng'anjo zadothi. Gamitto, Mpwitikizi amene adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, adalemba za ng'anjo zawo ndi makasu awo. Livingstone adalemba kuti anthu a kuno ankachinyoza chitsulo cha ku England kuti nchoola pochiyerekeza ndi chawo. Yusuf Juwayeyi atakumba pa Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka, adapeza zida zachitsulo pamodzi ndi mikanda ndi zidutswa za mbale za ku China. Koma kuyengako kudatha. Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery atafuna kuona m'mene ntchitoyi inkachitikira, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, adachita kufunafuna nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu ndi za ku Phoka zimene zidaiona ntchitoyi zili anyamata, popeza ng'anjo zidazima cha m'ma 1930. Zimene adapeza adazisindikiza mu 1987.

Taganizani tanthauzo la zimenezi kwa munthu wofuna mpeni wa makolo. Mpeni wa chitsulo cha m'ng'anjo uyenera kukhala wa zaka pafupifupi 100 kapena kuposa. Ndiponso chitsulo masiku amenewo sichinkatayidwa. Khasu likatha ankalisula kukhala nkhwangwa, nkhwangwa ikatha inkasanduka mpeni, mpeni n'kukhala muvi kapena lumo, mpaka chitsulocho chithere m'manja. Zimene zidapulumuka nzochepa zedi, ndipo zidapulumuka chifukwa wina adali ndi chifukwa chozisungira. Sizingapezeke zitaunjikana khumikhumi pa thebulo la munthu mmodzi, mwezi uno ndi mwezi wamawa.

Apa ndiye ndafika pa amene ndikulimbana naye kwenikweni, wogula. Ndanena kuti wogulitsa wonama alibe chodzikhululukira, ndipo sindikubweza mawu. Koma bodza la mpeni silimera lokha ngati bowa. Limachita kuitanitsidwa. Muonetseni wosonkhanitsa mipeni mpeni watsopano wonyezimira, mumuuze kuti adausula bambo a ku Nambuma Lachiwiri lapitali kuchokera ku sipuling'i ya Land Rover, apukusa mutu. Afunsa kuti, kodi mulibe wakale? Mulibe wa mfumu? Mulibe umene udagwirapo ntchito pa mwambo? Wogulitsa si chitsiru. Ali ndi ana ofuna fizi, ndipo wamva bwino chimene bwana akufuna. Sabata yamawa wakaleyo apezeka. Ndani tsono adakwirira mpeni kuseri kwa bafa, amene adagwira khasu kapena amene adatuma?

Ndipo wogulayo sadafunsepo funso limodzi limene likadamsowetsa tulo: bwanji ngati mpeniwo ndi weniwenidi? Chinthu chotero kwa Achewa sichikhala cha munthu mmodzi. Ndi cha mbumba. Chimasungidwa ndi atsibweni kapena agogo aakazi m'malo mwa onse, ndipo palibe mmodzi amene ali ndi mphamvu yochigulitsa payekha. Chikapezeka pamsika, ndiye kuti mwina mphwake wa munthu wachisolola usiku m'denga, mwina njala ya mu February yakakamiza nkhalamba kuchipereka pa mtengo wa ndowa ya chimanga, mwina wina wafukula pamene sipayenera kufukulidwa, mwinanso chachokera kudambwe, kumene zinthu zake sizili za malonda. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamlengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a pa dziko, sadalengezedwe kuti zida zake zikapachikidwe m'chipinda chodyera cha munthu. Kotero wofuna mpeni wa makolo pamsika akupempha chimodzi mwa ziwiri: amunamize, kapena amubere kwa eni ake. Akanamizidwa amabwera kudzatidandaulira kuti Amalawi ngosakhulupirika. Ine ndimati athokoze, poti wonamayo wampulumutsa ku mlandu wolandira zakuba.

Mlandu ulipodi. Lamulo la zipilala ndi zinthu zakale la 1990 limateteza zinthu zotere, ndipo kuzitulutsa m'dziko muno kumafuna chilolezo cha boma. Ndi angati mwa ogula athuwa adapitako ku ofesi yoona za zinthu zakale kukafunsa? Munthu amene amakhulupirira kuti mpeni wake ngwa zaka 150 n'kuulowetsa m'sutikesi pakati pa masokosi akudziwa chimene akuchita. Sangakhale wosalakwa pa bwalo la ndege ndiponso wolakwiridwa pamsika.

Udindo wa wogula suli wovuta monga amaunenera. Choyamba aphunzire chitsulo, poti ndicho adasankha kukonda. Chitsulo cha m'ng'anjo sichikhala chosalala mkati ngati cha ku fakitale. Chimakhala ndi timizere ta zotsalira za miyala, ngati mitsempha ya mtengo, chifukwa chidachita kupindidwa ndi kumenyedwa kambirimbiri. Dzimbiri la zaka zambiri limakhala lakuda, lolimba, lokhala mosiyanasiyana. La mchere ndi asidi limakhala lofiirira, lofanana ponseponse, ndipo limatsalira m'manja. Mpeni wogwira ntchito umatha pamene unkanoledwa, chigwiriro chimasalala pamene pankagwira dzanja, osati paliponse. Mizere yoongoka ya tupa kapena ya makina onolera pansi pa dzimbiri imaulula zonse. Nunkhizani chigwiriro: polishi sabisala. Wofunitsitsa angathe kupita patali, popeza van der Merwe yemwe uja adaonetsa kale m'buku lake la 1969 kuti zaka za chitsulo choyengedwa ndi makala zingapimidwe kuchokera ku kaboni wotsalira m'kati mwake. Zoterozo nzodula, inde. Koma kufunsa nkwaulere. Mpeniwu mwautenga mudzi uti? Kwa yani? Eni mbumba akudziwa? Tingapite limodzi tikawaone? Kuchokera mu mzinda wa Lilongwe kukafika ku Mpingu kapena ku Namitete si ulendo wogonera. Wogulitsa woona akwera nanu galimoto. Wonama ayamba kukuuzani za milatho yoduka ndi maliro. Wogula amene safunsa mafunso amenewa si kuti waiwala. Akuopa yankho.

Pali mpeni wina umene nkhani yake imaonetsa ulesi wa ogula poyera, ndiwo okapi. Palibe mudzi wa m'dera lino umene sudatumizepo anyamata ku migodi ya ku Joni, ndipo ambiri pobwera ankatenga kampeni kopinda aka pamodzi ndi bulangete, chipewa ndi bokosi lachitsulo. Lero okapi wakale ali ndi omufuna, ndipo mkhalapakati waphunzira nyimbo yake: uyu ngwa ku Germany, adabwera naye agogo pa Wenela. Pamenepa sipafunika katswiri. Okapi adayamba kupangidwa ku Solingen, ku Germany, mu 1902, ndipo mu 1988 ntchito yopanga mipeniyi idasamukira ku South Africa. Dziko limene mpeni udapangidwira limadindidwa pa chitsulo pomwepo. Ulendo wa pa Wenela udaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Udayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatheratu cha mu 1988. Tsono mpeni wodindidwa South Africa sungakhale utabwera m'thumba la munthu wa pa Wenela wa m'ma 1960, ngakhale wogulitsa alumbire pa manda a amake. Alipo ena achinyengo otengera dzina ndi chidindo chomwe, amene chitsulo chake chimafooka msanga, koma ambiri ogula sagwa ndi amenewo. Amagwa chifukwa sadatembenuze mpeni kuti awerenge mawu atatu. Munthu wa madigiri awiri!

Ndiponso okapi adapangidwa miyandamiyanda. Chimene chingampatse ulemu okapi mmodzi pakati pa anzake ndi munthu amene adamnyamula: dzina lake, mgodi umene adagwirako, chaka chimene adabwerera, mbuzi zimene adasenda naye pa maukwati a ana ake. Zimenezi mkhalapakati sazidziwa ndipo sazifuna. Akauchotsa mpeniwo m'banja, mbiri yoonayo imatsala kumudzi n'kufa pamodzi ndi nkhalamba, ndipo chimene chimafika ku tauni ndi chitsulo chopinda chokhala ndi nthano ya aliyense.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo wa masiku ano amadza ndi chikwama, n'kuchoka ndi kalumo kobuntha, kadzimbiri, ali wokondwa. Akadakhala ndi nzeru zimene mwambiwo umampatsa, bwenzi atafuna kalumo kakuthwadi, kosulidwa dzulo, n'kufunsa dzina la amene adakasula. Ku Mua, pa Kungoni pamene Claude Boucher adayambitsa mu 1976, osema amagulitsa ntchito yatsopano ngati yatsopano, ndipo amadziwika ndi maina awo. Palibe amakwirira chosema m'dothi kuti chigulidwe. Ku Japan, kumene osonkhanitsa mipeni amalipira ndalama zoopsa, mmisiri amadinda dzina lake pa chitsulo, ndipo dzinalo ndilo limakweza mtengo. Chikuletsa mmisiri wa ku Nsaru n'chiyani kudinda chizindikiro chake ndi tchizulo chitsulo chikadali chofiira? Palibe, koma kuti sadapezeke wogula womuuza kuti alipira moonjezera chifukwa cha chizindikirocho. Ogula athu amalipira dzimbiri, ndiye amalandira dzimbiri.

Ife a pa sukulu ino tili ndi gawo lathu pa mlanduwu. Timalemba za ng'anjo za Amaravi ndi maso onyowa, koma ndani mwa ife adakhalapo tsiku lathunthu pa chipala cha mmisiri wamoyo, kulemba dzina lake, amene adamphunzitsa, maina a zida zake, ndi m'mene amadziwira kuti chitsulo chapsa poyang'ana mtundu wa moto? Anthu amenewa akukalamba, ndipo zikwanje za ku fakitale zotsika mtengo zikuwalanda msika. Tidzadikira kuti afe monga zidafera ng'anjo, kenaka tidzapemphe ndalama kunja zoti tikafufuze amene adawaonapo ali ana.

Kwa aphunzitsi athu amene muli ndi mipeni pakhoma, pempho langa nlaling'ono. Tengani kapepala, mulembepo zinthu zinayi: amene adausula, mudzi wake, chaka, ndi amene adakugulitsani. Mukamate pansi pa mpeniwo. Pamene simudziwa musiyepo mpata, alendo anu aziuona mpatawo akamamwa tiyi. Ngati mwapeza kuti mpeniwo ngwa mbumba ina yake, njira ya kumudziko mukuidziwa, poti wogulitsa adakuuzani dzina la mfumu yake pofuna kukweza mtengo. Ndipo inu ophunzira a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, tchuthi chikubwerachi mudzapeza amisiri ali pa ntchito yokonzekera dzinja, akusula nkhwangwa ndi kukonza makasu. Tengani kope ndi pensulo. Mlendo akakupemphani kuti mumtanthauzire, wogulitsa akati mpeni ngwa chaka chatha, inunso munene kuti ngwa chaka chatha.